Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zamaphunziro m'ma state a ku America: layisensi ya mlangizi wa pasukulu isamafere pa malire

Kwa makomishonala ndi akuluakulu onse oyendetsa maphunziro m'ma state 50 ndi ku Washington DC, kwa aphungu a nyumba za malamulo za m'ma state, komanso kwa atsogoleri a mabungwe a ASCA (bungwe la alangizi a pasukulu ku America) ndi NASDTEC (bungwe la akuluakulu oona za malayisensi a ogwira ntchito zamaphunziro m'ma state),

Mabwana ndi madona, landirani moni wanga mwaulemu wonse. Ndikhulupirira muli bwino ndipo ntchito ikuyenda m'maofesi mwanumo.

Ine ndine mayi wa ana atatu, Mmalawi, ndakhala kuno zaka zoposa 15. Ntchito yanga ndi ya school counselor, ulangizi wa ana pasukulu. Kwa abale a kumudzi omwe ntchitoyi simukuidziwa bwino, ndi munthu uja mwana amakagogoda pachitseko chake zinthu zikavuta, kaya kunyumba kwabuka nkhondo, kaya anzake akumuzunza pa foni, kaya magiredi agwa mwadzidzidzi, kaya akufuna koleji koma kwawo palibe anapitako ndiye sakudziwa poyambira, mwina waganiza zodzichotsera moyo. Ndagwira ntchitoyi zaka 9 pasukulu ya boma imodzi popanda kuitanidwa pa mlandu uliwonse. Lero ndikulemba kalatayi m'bandakucha, ndangoweruka ku ganyu yausiku yosamalira okalamba, chifukwa mu state yomwe ndasamukira akuti sindinakwane kukhala mlangizi.

Ndikudziwa kuti Chichewa simumva. Musadandaule, mwana wanga wamkulu wati aimasulira m'Chingerezi ndipo ifika mu imelo zanu. Koma ndayamba m'chiyankhulo chomwe ndimadandaulira ndikakhala ndekha, chifukwa ndikufuna abale anga aku South Bend, ku Dallas, ku Maryland ndi kwina konse aimve, ena mwa iwo ali kusukulu pompano kuphunzira ntchito yomweyi ndi ngongole pamutu, sakudziwa zomwe zikuwadikira tsiku lomwe adzasamuke. Sinditukwana munthu muno, ndipo state ndi ofesi yomwe yandivuta sinditchula dzina. Kwathu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo ine fayilo yanga ikadali pa desiki ya winawake kumeneko.

Nkhani inayamba chonchi. Bambo akunyumba ndi namwino, anapeza ntchito yabwino ku state ina, tinakhala pansi tinagwirizana, tinalongedza. Iwo chifukwa cha mgwirizano wa anamwino wa Nurse Licensure Compact, womwe unayamba mu 2000 ndipo pano muli ma state pafupifupi 40, anayamba ntchito Lolemba lotsatira, akugwiritsa ntchito layisensi yakale uku mapepala a yatsopano akuyenda. Munthu wobaya odwala jekeseni, wopereka mankhwala oti akalakwitsa mlingo munthu amafa, anamukhulupirira pompo. Layisensi ya galimoto tinasintha m'mawa umodzi. Koma yanga ya ulangizi inafera panjira. Pamsewu panalibe chipata, panalibe wapolisi ngati pa Zalewa paja amatsitsa anthu m'basi, panali chikwangwani chokha chotilandira ndi manja awiri, koma titangochidutsa zaka 9 zanga zinasanduka mapepala wamba. Kwathu mphunzitsi akamusamutsa kuchoka ku Nsanje kupita ku Chitipa amadandaula za thiransipoti ndi kuzizira, osati kulembanso mayeso. Ndikumvetsa kuti kuno maphunziro ali m'manja mwa state iliyonse payokha, boma la ku Washington sililamula za malayisensi, malamulo a dziko lino anagawa choncho kuyambira kale. Ndi chifukwa chake ndikulembera inuyo osati pulezidenti.

Dandaulo langa loyamba ndi mawu aja a reciprocity. Mawuwa ali pa mawebusayiti anu ambiri ndipo munthu wamba akawawerenga amamva kuti wanga ndi wako, wako ndi wanga, ndikafika ndingosinthitsa khadi basi. Zoona zake si zimenezo. Mgwirizano wa NASDTEC Interstate Agreement, womwe ma state ambiri anasaina, ndi mulu wa timapangano ta state iliyonse payokha, pomwe iliyonse imanena mitundu ya masatifiketi omwe ingayang'ane kuchokera kwina, ndipo imakhalabe ndi ufulu owonjezera zake, mayeso ake, makosi ake, zaka zake. State A itha kulandira pepala la state B koma B osalandira la A. Eni ake a NASDTEC sabisa zimenezi, ndiwathokoze, koma pofika pa tsamba la dipatimenti mawu akuluakulu amakhala reciprocity, zoonjezerazo zili mu PDF ya masamba ambirimbiri yomwe umaipeza utasiya kale ntchito ndipo katundu ali mu thiraki. Ngakhale dzina la pepalalo silimodzi, kwina ndi license, kwina certificate, kwina endorsement yomata pa satifiketi ina, ku California ndi Pupil Personnel Services Credential, ndiye munthu umatha sabata ukungofufuza kuti fomu yako ndi iti.

Lachiwiri ndi mayeso. Ine ndinakhoza Praxis ya alangizi ndisanayambe ntchito. Mayeso amenewo anali ndi nambala 5421, pano anasinthidwa ndi 5422, ndipo si ma state onse amagwiritsa Praxis, Texas ili ndi TExES yake, Florida ili ndi FTCE, Ohio ili ndi OAE. Omwe amagwiritsa Praxis yomweyo aliyense amaika malikisi ake okhozera. Ndiye munthu yemwe wakhala zaka akuimbira foni makolo pakati pa tsiku kuti bwerani mwana wanu sali bwino, wakhalapo pamaliro a mwana wa sukulu n'kubwerera mawa lake kukagwira m'manja kalasi yonse, mukumukhazika pa kompyuta maola awiri kuti asankhe A, B, C kapena D pa funso loti mlangizi amatani mwana akanena zoopsa. Sindikuopa mayeso ine, ndalemba ambiri chiyambire sitandade 8. Chikundiwawa ndi ndalama zoposa madola 100 nthawi iliyonse, kudikira tsiku la mayeso, kudikira zotsatira, kenako kudikira kuti zotsatirazo zilowe mu fayilo, zonsezi kuti mutsimikize chinthu chomwe state ina inatsimikiza kale.

Pano ndivomereze chinthu chimodzi kuti musandiyese wamakani. Malamulo a ma state amasiyanadi. Njira yonenera nkhanza zochitira mwana, zaka zomwe mwana angaonane ndi mlangizi makolo osadziwa, makosi ofunika kuti mwana amalize high school, zonsezi mlendo ayenera kuziphunzira. New York imafuna kuti munthu achite maphunziro a maola 6 a lamulo la DASA lokhudza kuzunzana kwa ana pasukulu, kuphatikiza ena a nkhanza kwa ana ndi chiwawa pasukulu. Zimenezo ndi zomveka ndipo ndingazichite mokondwa. Koma ndi zinthu za masiku ochepa, munthu atha kuzichita ali kale pantchito. Si chifukwa chomukhazikira munthu pakhomo teremu yonse.

Lachitatu, makosi ndi ma credit. Bungwe la CACREP, lomwe limavomereza mapulogalamu a uphungu m'mayunivesite, limafuna maola 100 a practicum ndi maola 600 a internship, komwe ndi kuphunzira ntchito pasukulu penipeni uli ndi wokuyang'anira, kuphatikiza 700, ndipo pa 600 amenewo 240 ndi okhala maso ndi maso ndi ana. Ine ndinawachita onse, mwana wachiwiri ali kumsana tinganene, ndikuyamwitsa m'galimoto pa malo oimika magalimoto a sukulu. Kale digiri ya masters ya ulangizi wa pasukulu inali ya ma credit 48, kuyambira July 2023 CACREP inakweza kufika 60. Palibe vuto kukweza muyezo kwa olowa kumene. Koma ife a 48 sitinabe ma credit 12 amenewo, panthawiyo kunalibe. Mnzanga wina yemwe tinamaliza limodzi atasamuka anauzidwa kuti abwerere kusukulu akawonjezere, makosi 4 athunthu, ndi mtengo wa yunivesite wa masiku ano, munthu wa zaka zoposa 10 pantchito. Anawerengera, anaona kuti sizikutuluka, pano akugwira ntchito kukampani ya inshuwalansi. Ndi mlangizi wabwino kuposa ine, ana ankamutsatira mpaka pa galimoto.

Changa chinali choseketsa koma sindinaseke. Anandilembera kuti pa transcript yanga sakuonapo kosi yokhudza ana olumala ndi ofunika chithandizo chapadera. Kosiyo ndinachita, kungoti yunivesite yanga inaipatsa dzina lina. Akuti tumizani syllabus. Ya zaka zoposa 10 zapitazo, abale. Mphunzitsi wa kosiyo anapuma ntchito, dipatimenti inasintha dzina kawiri, wa ku ofesi yemwe anayankha foni anali asanamalize pulayimale nthawi yomwe ine ndimachita kosiyo. Ndinaipeza mwamwayi mu katoni ya mabuku yomwe bambo akunyumba ankafuna kutaya posamuka, ndipo mpaka lero ndimawakumbutsa.

Lachinayi ndi mapepala. Zala zanga zinadindidwa kale ndipo FBI inayang'ana mbiri yanga, koma state yatsopano ikufuna zidindidwenso, ndi ndalama zinanso, ndipo ukapeza ntchito district nayonso nthawi zina imafuna zake. Pa ichi sindilimbana nanu kwambiri, kuyang'ananso mbiri ya munthu wogwira ntchito ndi ana ndi bwino, ingochitani mwachangu. Chovuta ndi mafomu otsimikiza kuti unagwiradi ntchito, oti asaine a HR a district yakale, fomu ina yoti asaine a yunivesite, ina yoti itumizidwe ndi dipatimenti ya state yakale, ndipo pepala limodzi likachedwa fayilo yonse imaima, mwina ena omwe anafika kale n'kutha nthawi yake. Kwa ife obwera kuchokera kunja pali phiri lina. Digiri yanga yoyamba ndi ya kwathu ku Malawi. Inaunikidwa kale ndi kampani imodzi mwa zija zili mu bungwe la NACES, yunivesite ya kuno inailandira, state yoyamba inailandira, ndinapeza masters pamwamba pake. State yatsopano ili ndi mndandanda wake wa makampani ounika ndipo ikufuna lipoti lochokera kwa iwo mwachindunji. Zikutanthauza kutumanso mchimwene wanga kuti akwere minibasi akaime pa windo la ofesi ya koleji kumudzi, apemphe transcript, itsekedwe mu envelopu, idindidwe, itumizidwe pa ndege. Aliyense yemwe anayesapo kutulutsa pepala kumudzi ali kuno akudziwa kuti si nkhani ya sabata imodzi. Funso langa ndi lakuti, ngati masters ya ku America mukuivomereza, bwanji mukukaikira maziko omwe masters-yo yakhalapo?

Lachisanu ndi lomwe landidzutsa kuti ndilembe, nthawi. Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti sukulu zimalemba anthu ntchito kuyambira cha mu March mpaka July, ndipo malo ambiri amatsegulira mu August. Mabanja nawonso amasamuka nthawi yomweyo ya tchuthi kuti ana asasokonezeke. Ndiye mafomu onse amakufikani nthawi imodzi, maofesi anu ali ndi anthu ochepa, mzere umatalika. Ine ndinaitanidwa ku intavyu pa high school ina pafupi ndi pomwe tikukhala, a hedi anandikonda, anandionetsa ofesi yomwe ikanakhala yanga, kachipinda kabwino ndithu ka windo loyang'ana ku bwalo la mpira. Anafunsa funso limodzi, layisensi ya kuno muli nayo? Ndinati ili m'njira. Anadikira masabata atatu, anaimba, ili m'njirabe. Ndikalowa pa intaneti pamangolembedwa kuti pending, kutanthauza kuti fayilo ikudikirabe. Ndikaimba foni ndimamvera nyimbo mphindi 40 kenako munthu waulemu ndithu amandiwerengera mawu omwewo a pending omwe ndikuwaona ndekha pa sikirini. Imelo imayankhidwa ndi makina. Sukulu inatsegulira ofesi ija ili yotseka.

Ndipo ndikudziwa kuti ili yotsekabe chifukwa mwana wa neba wathu amaphunzira pomwepo, ali chaka chomaliza. Alangizi awiri omwe atsala agawana ana a munthu wachitatu yemwe kulibe. Mtsikanayu makolo ake ndi obwera ngati ife, fomu ya FAFSA yopemphera thandizo la fizi sanaionepo, makoleji ambiri amatseka mafomu oyambirira pa 1 November, akufunika kalata yochokera kwa mlangizi yemwe sanakhale naye pansi ngakhale mphindi 10. Amabwera kunyumba kwanga Loweruka, timakhala pa tebulo la kukhitchini ndi laputopu, ndikumuthandiza ngati azakhali a pafupi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma kalata ija sindingamulembere, mafayilo ake sindingawaone, ndipo kumbuyo kwake kuli ana ena mazana omwe alibe neba ngati ine. Mtunda wochoka pakhomo panga kufika pa ofesi yotsekayo ndi mphindi 7 pagalimoto.

Manambala ndi anu omwe, si ine ndawapanga. ASCA imati mlangizi mmodzi azikhala ndi ana 250. M'chaka cha sukulu cha 2021 mpaka 2022 dziko lonse linali pa ana 408 kwa mlangizi mmodzi, chaka chotsatira 385, ndipo ku Arizona anali oposa 600. Mu October 2021 mabungwe a madokotala a ana analengeza kuti nkhani ya thanzi la m'maganizo la ana yafika pa ngozi ya dziko, mu December chaka chomwecho dokotala wamkulu wa boma Vivek Murthy anatulutsa chenjezo lake pa nkhani yomweyi. Zitachitika zoopsa za ku Uvalde ku Texas mu May 2022, pomwe munthu anawombera ndi kupha ana pasukulu, lamulo la Bipartisan Safer Communities Act linaika madola 1 biliyoni kuti sukulu ziphunzitse ndi kulemba ntchito alangizi ndi anzawo a ntchito zoterezi. Ndiye dzanja lamanja linatulutsa ndalama kusaka alangizi atsopano, lamanzere latsekera panja ophunzira kale omwe sakufuna ngakhale tambala ya boma, akungofuna chidindo.

Lachisanu ndi chimodzi, tasiyidwa pakati. Alangizi a m'zipatala ndi odziimira paokha, a LPC aja, ali ndi Counseling Compact, Georgia inayamba mu 2021, pofika 2022 ma state 10 anali atakwana ndipo pano apitirira 30. Koma mgwirizano umenewo sukhudza satifiketi ya mlangizi wa pasukulu chifukwa yathu imachokera ku dipatimenti ya zamaphunziro. Aphunzitsi ali ndi Interstate Teacher Mobility Compact yomwe inakwanitsa ma state 10 mu 2023, koma inasokedwa poyeza mphunzitsi wa m'kalasi. A school psychologist nawonso anakonza wawo. Ife kwa alangizi a m'zipatala aja akuti ndinu a sukulu, kusukulu akuti sindinu aphunzitsi. Mleme uja wa m'nthano, mbalame zikumukana, mbewa zikumukana. A ASCA, apa ndikuyang'ana inuyo, ndalama za umembala timapereka chaka ndi chaka.

Ndipo musanene kuti sizingatheke chifukwa zatheka kale. Pa 5 January 2023 pulezidenti Biden anasaina lamulo lomwe limati msilikali kapena mkazi kapena mwamuna wake akasamutsidwa ndi boma, layisensi yake ya ntchito izigwira ku state yatsopano. Chaka chomwecho mayi wina, mlangizi wa pasukulu wa malayisensi a ku Ohio ndi Missouri, amuna ake a Air Force atatumizidwa ku Laughlin ku Del Rio, anakanizidwa ku Texas, anapita kukhoti la federal ndipo anawina. Ndinasangalala naye ngati ndi mchemwali wanga. Mabanja a asilikali amasamutsidwa asakufuna, ayenera kuthandizidwa, palibe mkangano. Koma taganizani mabwana, ngati layisensi ya ku Ohio ndi yokwanira kuteteza ana a ku Texas ikakhala m'manja mwa mkazi wa msilikali, imasiya bwanji kukwanira ikakhala m'manja mwa mkazi wa namwino, kapena munthu yemwe wabwerera kwawo kukasamala mayi ake odwala? Texas yomweyo kwa zaka zambiri inkafuna kuti mlangizi akhale ataphunzitsapo m'kalasi zaka 2, mu 2023 aphungu ake anachotsa lamulo limenelo, sukulu sizinagwe. Arizona mu 2019 inakhala yoyamba kukhazikitsa lamulo lovomereza malayisensi a ntchito zosiyanasiyana ochokera ku ma state ena, ndipo ma state ena anatsatira. Njira ilipo, ena aipondapo kale.

Za malipiro ndingodutsamo. Ukapeza layisensi ija, ma district ena amawerenga zaka zochepa chabe mwa zomwe unagwira kwina, ndiye umayambira pansi pa makwerero. Penshoni nayo ndi ya state, ukachoka usanakwanitse zaka zofunika, kwina 5 kwina 10, umangonyamula zomwe unasonkha wekha. Imeneyo ndi kalata ina tsiku lina.

Ndikudziwa yankho lanu, mukuteteza ana. Inenso ntchito yanga ndi yomweyo, ndipo sindikufuna munthu wothawa mlandu ku state ina adzabisale pasukulu ya ana anga. Koma chida chogwirira anthu otere muli nacho kale, NASDTEC ili ndi Clearinghouse momwe ma state amalembamo aliyense yemwe satifiketi yake inalandidwa kapena kuimitsidwa. Kuyang'ana mmenemo ndi kuyang'ana zala ndiye chitetezo. Syllabus ya zaka 10 zapitazo siteteza mwana aliyense.

Tsono zopempha zanga ndi izi, ndipo ndikupempha mogwada.

1. Munthu yemwe ali ndi layisensi yamoyo ya ulangizi wa pasukulu yochokera ku state ina, yopanda mlandu, zala zake zikangoyera mumupatse layisensi yongoyembekezera ya chaka chimodzi kapena ziwiri pasanathe masiku 30, ayambe ntchito, zotsalazo azimaliza ali pantchito. Ma state omwe mumachita kale zimenezi zikomo, auzeni anzanu.

2. Yemwe wagwira ntchito zaka 3 kapena kuposa asalembenso mayeso a ulangizi. Mumupatse kosi yaifupi ya pa intaneti ya malamulo a state yanu, yaulere kapena yotsika mtengo.

3. Digiri iweruzidwe ndi muyezo wa chaka chomwe munthu anamaliza. Wa ma credit 48 yemwe pulogalamu yake inali yovomerezeka nthawi imeneyo asabwezedwe kusukulu, ndipo pulogalamu ikakhala ya CACREP lekani kuwerenga maina a makosi limodzilimodzi.

4. Digiri yakunja ikaunikidwa kamodzi ndi kampani yodziwika, state ina n'kuilandira, lipoti limenelo likhale lokwanira kulikonse. Makamaka kwa munthu yemwe ali ndi masters ya kuno pamwamba pake.

5. Pa webusayiti iliyonse pakhale tsamba limodzi, limodzi lokha, la alangizi ochokera ku state ina, lolembedwa m'mawu omveka: zofunika ndi izi, mtengo wonse ndi uwu, zimatenga masabata akuti. Ndipo mawu a reciprocity muwachotse pomwe sakunena zoona.

6. Kuyambira May mpaka August onjezerani anthu m'maofesi a malayisensi, ndipo fayilo ya munthu yemwe ali ndi kalata ya ntchito m'manja iziyenda patsogolo. Fayilo ikaima, munthu weniweni wa dzina lake atiuze chomwe chasowa, zonse nthawi imodzi, osati chimodzi mwezi uno china mwezi wa mawa.

7. A ASCA, a NASDTEC ndi aphungu, khalani pansi ndi a Council of State Governments omwe anathandiza kukonza migwirizano ya anzathu ija, mutikonzere wathu, kapena mutilowetse mwa umodzi mwa yomwe ilipo. Tiuzeni poyera kuti nkhaniyi ili pati.

Kwa inu abale omwe mukumvera nawo, safunsa anadya phula, ine ndadya ndipo ndi owawa. Musanasiye ntchito imbani ku dipatimenti ya state yomwe mukupita, yankho alilembe mu imelo. Layisensi yakale musaisiye ife, ilipireni ngakhale mwasamuka, chifukwa yakufa saiyang'ana n'komwe. Sungani syllabus iliyonse, mapepala a maola a internship, zotsatira za mayeso, makontirakiti, ndipo ma transcript a kumudzi yambani kuwasaka miyezi 6 isanakwane nthawi. Amene muli nzika ndipo mumavota, phungu wa state wa dera lanu ali ndi ofesi ndi foni, ndi iyeyo amene angasinthe izi, mutumizireni kalatayi ikamasuliridwa. Enanu igaweni m'magulu a WhatsApp a tchalitchi ndi a chama, mwina ifika kwa wina yemwe akulongedza katundu sabata ino.

A hedi aja anandiimbiranso Lachinayi, akuti malo aja awasunga mpaka teremu yachiwiri ikamayamba mu January, kupitirira apo district iwachotsa pa bajeti. Ndayang'ananso pa intaneti ndisanayambe kulemba, pakadali pending.

Ine wanu mwaulemu,

Mayi wa ana atatu, mlangizi wa pasukulu wa zaka 9 pantchito, yemwe pakali pano akugwira shifiti yausiku